Lipoti la maphunziro a mapulogalamu olembera marefarensi amene munanditumako

A Wapampando, akuluakulu a komiti, ndi anzanga nonse a m'gulu lathu la Amalawi ophunzira kuno ku Harare,

Munandituma kuti ndikakhale maso ndi makutu anu pa maphunziro a masiku awiri amene laibulale ya yunivesite ina ya mumzinda muno inakonza. Ndapita, ndabwerako, lipoti ndi ili. Mukumbukira chimene chinatidzutsa: pamsonkhano wathu uja anthu anayi anadandaula chinthu chimodzimodzi, kuti asupavaiza akubweza machaputala ali psuu ndi inki, pomwe mfundo zili bwinobwino, vuto lili pa marefarensi, kutanthauza katchulidwe ka mabuku ndi magwero ena amene munthu wagwiritsa ntchito. Dzina lili m'kati mwa chaputala koma kumndandanda wa kumapeto kulibe, kapena chaka chili 2016 uku, 2017 uko. Ndinanyamuka ndi funso limenelo.

Tsiku loyamba ndinafika mochedwa pang'ono chifukwa kombi inachedwa kudzaza pa Copacabana, moti mawu otsegulira anandipita. Ndinapeza mayi wotiphunzitsa akufotokoza mapulogalamu atatu amene anthu amawadziwa kwambiri. EndNote ndi ya kampani ya Clarivate ndipo ndi yogula. Ngati sukulu yanu sinakulipirireni, ingoidumphani. Mendeley inayambira ku London mu 2008, kampani ya Elsevier inaigula mu 2013, ndi yaulere ndipo imapatsa munthu malo a 2 GB osungira mafayilo pa intaneti. Amene munazolowera Mendeley Desktop yakale ija dziwani kuti anasiya kuigawa mu September 2022, m'malo mwake muli Mendeley Reference Manager. Yachitatu ndi Zotero, imene inatuluka mu 2006 ku George Mason University ku America, ndipo lero ikuyendetsedwa ndi bungwe losafuna phindu. Nthawi yonse yotsala tinathera pa Zotero, ndipo nane ndi imene ndikukulimbikitsani. Chifukwa changa n'chapafupi: mabuku ako onse amakhala m'laputopu mwako, ndiye magetsi kapena bandulo zikatha ntchito siima, malinga batire lilipo. Masana a tsiku loyambalo magetsi anathimadi, intaneti n'kupita nawo, koma ife tinapitiriza kulowetsa marefarensi m'Word ngati palibe chachitika.

Kagwiridwe kake n'kotere. Umaika zinthu ziwiri: pulogalamu yeniyeniyo, ndi kachidutswa kotchedwa Zotero Connector kamene kamakhala pa Chrome, Firefox kapena Edge. Ukatsegula nkhani ya m'jenale pa intaneti n'kudina kachizindikiro ka pakona, dzina la wolemba, mutu, chaka, voliyumu ndi masamba zimalowa zokha m'Zotero, nthawi zina ndi PDF yomwe. Ngati uli ndi nambala ya DOI, ija imayamba ndi 10 ndi kadontho, kapena ISBN ya kuseri kwa buku, umangoimata pa kabatani kooneka ngati kandodo, zonse n'kubwera. Kenako m'Word mumaoneka mzere watsopano wa Zotero. Ukafika pofuna kutchula gwero umadina "Add/Edit Citation", kulemba zilembo zoyamba za dzina, n'kusankha. Pomaliza umadina "Add/Edit Bibliography" ndipo mndandanda wonse umatuluka, wosanjidwa kale, wokhala ndi mabuku okhawo amene watchuladi m'kati. Vuto limene tinadandaula lija limathera pamenepa. Imagwiranso ndi LibreOffice ndi Google Docs.

Mayi uja anatichitira kamatsenga kamodzi kamene kanaseketsa chipinda chonse. Anali ndi pepala lolembedwa mu sitayilo ya APA, kalembedwe ka marefarensi kotchula dzina la wolemba ndi chaka, n'kulisintha kupita ku Vancouver, ija ya achipatala imene imaika manambala m'malo mwa mayina. Kuphethira kamodzi, mayina onse anasanduka 1, 2, 3, mndandanda n'kusanjika mwatsopano. Bambo wina amene ndinakhala naye pafupi anagwira kumutu, akuti ntchito yomweyo inamudyera sabata yathunthu chaka chatha jenale ina itakana pepala lake. Masitayilo alipo masauzande. Koma amene mumagwiritsa ntchito sitayilo ya Harvard samalani: palibe Harvard imodzi yovomerezeka padziko lonse, sukulu iliyonse ili ndi kakonzedwe kake, ndiye funsani dipatimenti yanu musanasankhe. A APA onetsetsani kuti mwasankha ya chisanu ndi chiwiri, imene inatuluka mu 2019. Imeneyi inasiya kulemba mzinda umene buku linasindikizidwira, ndipo olemba akakhala atatu kapena kuposa m'kati mwa chaputala imalemba woyamba yekha ndi "et al.", kutanthauza "ndi anzake", kuyambira koyamba komwe.

Tsopano ndifike pamene pali mtima wa lipotili, chifukwa zonse ndanenazi mukanazipeza pa YouTube. Pulogalamuyi ndi nkhokwe chabe. Ukathiramo chimanga chofumbwa, udzatapanso chofumbwa. Ndipo magwero amene ife Amalawi timagwiritsa ntchito ndi amene amalowa molakwika kwambiri, chifukwa ambiri alibe DOI ndipo makina sawadziwa bwino.

Ndinaziona ndekha tsiku lachiwiri m'mawa. Anatiuza kuti aliyense alowetse pamanja gwero limodzi la kafukufuku wake. Ine ndinatenga lipoti la kalembera wa anthu wa ku Malawi wa 2018, la National Statistical Office ya ku Zomba. Ndinalemba dzinalo mmene ndinaonera mabokosi awiri, lina la dzina la bambo, lina la dzina loyamba. Nditadina, pamndandanda panatuluka "Office, N. S." ngati kuti kuli munthu wina, bambo Office, amene anawerenga yekha Amalawi oposa 17 miliyoni. Mayi uja anaima kumbuyo kwanga n'kundilozera kabatani kakang'ono pambali pa dzina kamene kamaphatikiza mabokosi awiriwo kukhala limodzi. Dzina la bungwe, unduna kapena mpingo limalowa m'bokosi limodzi. Kanthu kochepa, koma taganizani malipoti a boma ndi a mabungwe amene adzaza machaputala athu.

Chachiwiri ndinachita kufunsa ndekha, ndipo ndikuyesa ndi chimene ndabwera nacho cha mtengo wapatali. Masitayilo ena, monga Chicago, amakweza chilembo choyamba cha mawu ofunika m'mutu wa buku la Chingerezi. Zotero ikapeza mutu wa Chichewa osauzidwa, imauyesa Chingerezi, ndiye timawu ngati "ndi", "wa" ndi "za" timatuluka tili "Ndi", "Wa", "Za", mutu wonse n'kuoneka ngati chikwangwani cha golosale. Mankhwala ake: pa bokosi lolembedwa "Language" lembanipo ny, chimene ndi chizindikiro cha chinenero chathu, ndipo mutuwo udzasiyidwa mmene mwaulembera. A Chishona amalemba sn. Mitu ya Chingerezi nayo anatilangiza kuisunga ndi zilembo zazing'ono kupatula mawu oyamba ndi mayina, chifukwa makina amatha kukweza zilembo koma potsitsa sadziwa kuti Lilongwe kapena Kamuzu ndi mayina. Yang'ananinso mayina okhala ndi ng' komanso ŵ. Zokokedwa pa intaneti nthawi zina zimafika zitaduka kapena zitasanduka tizizindikiro tachilendo, makamaka za pa Google Scholar.

Kwa inu a mbiri yakale, amene mumathera masiku ku National Archives of Zimbabwe pa Borrowdale Road kufufuza za makolo athu amene anabwera kudzagwira ntchito m'migodi ndi m'mafamu, kapena za nthawi ya chitaganya cha 1953 mpaka 1963, palibe batani lokuthandizani. Kalata iliyonse mulowetsa pamanja. Zotero ili ndi mitundu ya "Letter", "Manuscript" ndi "Interview", ndi mabokosi olembamo dzina la malo osungira zakalewo ndi nambala ya fayilo. Langizo langa n'lakuti mulowetse tsiku lomwelo mudakali pampando, fayilo ili patsogolo panu. Ine ndili ndi zithunzi za makalata m'foni zimene sindikudziwanso kuti zinachokera m'fayilo iti, ndipo zidzandidyera ulendo wina.

Pa zocheza ndi agogo panabuka kamtsutso. Mlongo wathu amene akufufuza za gule ku Mufakose ndi ku Mbare anandituma funso lakuti kodi zocheza zoterezi zilowe pamndandanda wa kumapeto kapena ayi. Malamulo a APA amati zocheza zimene wowerenga sangathe kukazipeza payekha sizilowa pamndandanda wa kumapeto, zimangotchulidwa m'kati. Koma madipatimenti ambiri a mbiri amafuna mndandanda wa anthu amene unacheza nawo, malo ndi tsiku. Mayi uja anati pamenepa mawu omaliza ndi a supavaiza ndi komiti yoona za chilolezo cha kafukufuku. Ine ndiwonjezepo changa: amene anakuuzani za kudambwe mwachinsinsi, dzina lawo lisalowe m'laibulale yogawana ndi anthu ena, ngakhale ya gulu lathu lino.

Panalinso chenjezo la marefarensi opeka. Mapulogalamu ocheza nawo ngati ChatGPT amatha kukupatsa dzina la wolemba weniweni, jenale yeniyeni, chaka ndi masamba, pomwe nkhaniyo sinalembedwepo. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Ku New York mu 2023 maloya ena analipitsidwa madola 5,000 atapereka kukhoti milandu yopeka motero. Zotero siingakuletseni kulowetsa bodza pamanja, koma ndi poyesera pabwino: matani DOI ija pa kandodo kaja. Ikakana, kapena ikabweretsa nkhani ina, mwadziwa. Imaikanso chizindikiro chofiira pa nkhani zambiri zimene majenale anazichotsa atapeza zolakwika. Komabe musatchule chimene simunatsegule ndi kuwerenga nokha. Pa tsiku loteteza thesisi adzafunsa inu.

Zina ndingodutsamo mwachangu. Buku limodzi likalowa kawiri musafufute lina, pitani pa "Duplicate Items" mukawaphatikize, apo ayi lidzatuluka kawiri pamndandanda ngati 2018a ndi 2018b. Refarensi ikalakwika m'Word musaikonze ndi dzanja pomwepo. Konzani m'Zotero n'kudina "Refresh". Potumiza pepala lomaliza, sungani kope lina kaye, ndipo pa kope lotumizalo dinani "Unlink Citations". Mukatero pa kope lanu lokhalo, kubwerera n'kovuta. Foda ya Zotero musaisamutsire m'Dropbox kapena Google Drive, imawonongeka. Ikopereni pa fulashi pulogalamu ili yotseka. Amene muli kale pa Mendeley kapena EndNote simuyambiranso, mabuku anu amasamuka kudzera pa fayilo ya RIS. A masamu ndi uinjiniya amene mumalemba ndi LaTeX, Zotero imatulutsa BibTeX. Ndipo amene mulibe laputopu, kuli ZoteroBib imene imagwira pa intaneti popanda kuika chilichonse, yokwanira asayimenti yaifupi.

Sindibisa, maphunzirowo anali ndi pofooka. Anthu tinachuluka kuposa masoketi, moti ena anaonerera chabe batire litatha. Zitsanzo zonse zinali za majenale akuluakulu a kunja zimene zimalowa mosavuta. Za mapepala a boma, mathesisi osasindikizidwa ndi timabuku ta mipingo tinachita kukoka ndi mafunso. Ola lomaliza linathera pa ziphaso ndi zithunzi. Nsima, kapena ndinene sadza, inali yabwino.

Pempho langa ku gulu ndi ili. Titsegule laibulale imodzi yogawana pa Zotero, imene amaitcha gulupu, ya magwero a ku Malawi okhaokha: malipoti a kalembera, malamulo, mapepala a maunduna, nkhani za m'Society of Malawi Journal ndi zina zotere. Munthu mmodzi akalowetsa gwero molondola, tonse tapindula, osati aliyense kulimbana ndi bambo Office payekha. Kusunga marefarensi okha n'kwaulere popanda malire. Malire ali pa mafayilo: aulere ndi 300 MB, ndipo mafayilo a m'gulupu amawerengeredwa pa akaunti ya mwini gulupuyo. Ma PDF ojambulidwa ku malo osungira zakale amadzaza malo amenewo msanga. Tingasankhe kusaikamo mafayilo konse, aliyense azisunga ake, kapena kusonkha madola 20 pachaka kuti tipeze 2 GB. Ine ndikutsamira koyambako, chifukwa sikufuna ndalama komanso sitilowa m'milandu yogawana mabuku a eni ake. Koma komiti igamule. Pafunikanso anthu awiri oti aziyang'ana zolowa zatsopano zisanasakanikirane ndi zinzake. Ine ndadzipereka kukhala mmodzi mpaka nditapereka thesisi yanga.

Za ndalama: amayi Msungichuma anandipatsa madola 15. Kombi ya masiku awiri ndi bandulo yodawunilodera pulogalamu zadya madola 9, otsalawo ndabweza ndipo asayinira m'buku.

Loweruka likubwerali, tikatha zokambirana zathu za nthawi zonse, ndikupempha ola limodzi ndi theka kuti tiike pulogalamuyi pamodzi. Ndaikopera pa fulashi, ya Windows ndi ya Mac, kuti tisathe mabandulo. Aliyense abwere ndi laputopu yotchaja, chaputala chimodzi chimene anabwezeredwa, ndi magwero asanu amene akumuvuta kwambiri. A Wapampando, ngati n'kotheka mutibwerekere chingwe chachitali cha masoketi ambiri chija, poti m'holo muja soketi yogwira ndi imodzi.

Ine nthumwi yanu.