Dandaulo pa ngolo imene munandibwereketsa

Kwa a Manijala,

Bwana,

Ndikulemba chifukwa cha ngolo yokoka ndi galimoto imene ndinachita hayala ku kampani yanu, komanso ndalama yanga ya chikole imene mukukana kundibwezera. Akuti ndine ndinaphulitsa tayala n'kuswa nyali yakumbuyo. Zimenezo ndikuzikana.

Tayalalo muli nalo, kalioneni. M'mbali mwake muli manambala anayi amene amasonyeza sabata ndi chaka chomwe tayala linapangidwa. Lanulo palembedwa 1413, kutanthauza sabata ya 14 m'chaka cha 2013. Kuperepeseka silinaperepeseke, poti ngolo siyenda tsiku lililonse, koma labala yake inauma ndi dzuwa mpaka kuchita ming'alu yolowa chikhadabo. Tayala lotero limangodikira katundu wolemera ndi phula lotentha basi.

Nditafunsa za mabuleki, mnyamata wanu anangoseka, ati galimoto yanga iimitsa zonse. Ngolo imeneyi ili ndi mabuleki akeake, aja amagwira okha ngolo ikakankha galimoto kumbuyo pamene woyendetsa waponda buleki. Makaniko amene anabwera kudzandithandiza pamsewu atasuzumira pansi anapeza waya wa mabulekiwo uli woduka, wangomangidwa kuti usamakhukhuluzike pansi. Wina kwanuko ankadziwa. M'mayiko ambiri lamulo limati ngolo yopitirira makilogalamu 750, kuphatikizapo katundu wake, izikhala ndi mabuleki, ndipo matailosi amene ndinanyamula anapitirira pamenepo. Sikuti ndinakubisirani: ndi antchito anu omwe anapakira.

Kapakiridwe kake ndiye kanandikwiyitsa koposa. Anaunjika zolemera zonse kumbuyo, ati kuti potsitsa tisavutike. Aliyense wodziwa ntchitoyi angakuuzeni kuti pafupifupi magawo 60 pa 100 a katundu amayenera kukhala kutsogolo kwa ekiselo, chitsulo chija cholumikiza matayala, kuti ngolo izipsinja pang'ono chitsulo chokokera. Zolemera zikakhala kumbuyo, ngolo imanyamula kumbuyo kwa galimoto, matayala sagwiranso bwino msewu. Pamtunda wotsetsereka ngoloyo inayamba kupukusika uku ndi uku ngati mchira wa nsomba, galimoto nayo n'kumatsatira. Ndinachotsa phazi pamafuta pang'onopang'ono, chiwongolero ndili gwa, osayerekeza kuponda buleki mwamphamvu chifukwa tikanagubuduzika. Tayala linaphulika nthawi imeneyo, ngolo n'kukagunda chitsulo cha m'mbali mwa msewu. Nyali ija inasweka choncho. M'galimotomo munali ana anga.

Nawonso unyolo unali umodzi, wina unachoka pangotsala mbedza yokha. Maunyolo awiri amapingasidwa pansi pa cholumikizira kuti ngolo ikamasuka igwere pomwepo, isalase pansi kapena kuthawira kwa anthu ena.

Palibe ndi mmodzi yemwe anandifunsa kuti galimoto yanga imaloledwa kukoka katundu wolemera bwanji, ngakhale izi zimalembedwa m'mabuku a galimoto zambiri. Chimene anaonetsetsa n'chakuti ndasaina fomu.

Ndikupempha kuti mundibwezere chikole changa chonse pamodzi ndi ndalama imene ndinalipira makaniko, komanso kuti ngoloyo musaibwereketsenso kufikira itakonzedwa. Malisiti, zithunzi za tayala ndi za waya wodukayo ndaphatikiza ndi kalatayi. Mundiyankhe molemba pasanathe masiku 14, apo ayi nkhaniyi ndikaitula ku bungwe loteteza ogula ndi kwa apolisi apamsewu.

Ine kasitomala wanu wodandaula.