Lipoti la ku msonkhano wa za opaleshoni ya msana yobwerezabwereza

A Wapampando ndi anzanga nonse a m'gulu lathu la ogwira ntchito za mafupa ndi mafizo,

Ndabwerako bwino kumsonkhano kumene munandituma kuja, ndipo ndikuthokoza chifukwa cha ndalama zimene munasonkha kuti ndiyendere. Mitu inali yambiri, koma ine ndinakakamira chipinda chimodzi, chimene ankakambiramo za odwala amene anachitidwa kale opaleshoni ya msana wa m'chiuno, n'kubwereranso patebulo kachiwiri, kachitatu, ena mpaka kachinayi. Ndinatero chifukwa anthu oterewa ayamba kutipeza. Amabwera ndi chipsera pamsana, zitsulo m'kati, n'kutifunsa ngati abwerere akawang'ambenso. Ambirife timasowa chowayankha.

Kubwereranso ku opaleshoni si chinthu chachilendo, ngakhale kumene kuli zipangizo zonse. Kafukufuku wamkulu wa ku America wotchedwa SPORT, amene zotsatira zake zoyamba zinatuluka mu 2006, anatsatira odwala kwa zaka zisanu ndi zitatu. Mwa amene anawachotsa disc (kachinthu kofewa kokhala pakati pa mafupa a msana) yotuluka pamalo pake, pafupifupi 15 pa 100 alionse anachitidwanso opaleshoni. Mwa amene njira ya mitsempha inali itapanikizika, anali 18 pa 100, ndipo mwa amene fupa limodzi linali litatsetsereka pamwamba pa linzake, anali 22 pa 100.

Chimene chinandigwira mtima kwambiri n'chakuti mwayi wopeza bwino umacheperachepera opaleshoni ikamabwerezedwa. Gordon Waddell ndi anzake anaona zimenezi kale mu 1979, pa anthu ovulala pantchito ku Ontario, ku Canada. Palinso manambala amene amatchulidwa kawirikawiri potsatira zolemba za Alf Nachemson wa ku Sweden: opaleshoni yachiwiri imathandiza anthu osapitirira 30 pa 100, yachitatu 15, yachinayi 5 okha. Pamenepa m'chipinda muja munabuka mtsutso. Madokotala ena anati manambalawa ndi akale, a nthawi imene makina ojambulira ndi zipangizo zinali zisanafike pamene zafika lero, ndipo ine ndikuona kuti ali ndi mfundo. Komabe palibe ndi mmodzi yemwe amene anaimirira kunena kuti opaleshoni yachitatu imatuluka bwino ngati yoyamba.

Chifukwa chake ndinachiona ndi maso. Anationetsa kanema wa opaleshoni yoyamba, kenako wa yachitatu. Pa yoyamba zonse zinali pambalambanda: fupa apa, mtsempha apo, kachikopa kokuta mitsempha kali ngwee. Pa yachitatu panali chipsera chokhachokha, choyera, cholimba, chitamata mtsempha ku fupa. Dokotala uja ankapala pang'onopang'ono, kuyambira pa fupa labwino chapatali n'kumasendera, ngati munthu wokumba chinangwa pa nthaka youma amene akuopa kuchidula. Kachikopa kaja kakang'ambika, madzi a m'msana amatuluka, ndipo ngozi imeneyi imachuluka pa opaleshoni zobwereza. Magazi amatayikanso ambiri, nthawi ya patebulo imatalika, bala limachedwa kupola. Ukachotsa chipsera, thupi limapanganso china.

Zobweza munthu patebulo n'zingapo. Disc ikhoza kutulukanso pamalo pomwe paja. Mafupa amene anawamanga ndi zitsulo akhoza kukana kulumikizana, masikuluwu n'kuyamba kugwedera. Koma chimene anakhalitsapo ndi kuwonongeka kwa mfundo yoyandikana ndi pamene anamangapo. Taganizani tcheni cha njinga: mukawotcherera mfundo ziwiri kuti zisamapinde, yotsatira ndi imene imasenza ntchito yonse. Ghiselli ndi anzake, mu 2004, anawerengera kuti pakatha zaka zisanu chimangire mafupa, anthu pafupifupi 16 pa 100 amafunika opaleshoni ina pa mfundo yoyandikana, ndipo pakatha zaka khumi amafika 36 pa 100. Ena amati mbali ina ya kuwonongekaku ndi ukalamba chabe umene ukanabwerabe. Mulimonsemo, munthu wa zaka 45 amene akumuika zitsulo ayenera kumva zimenezi asanasaine.

Sikuti opaleshoni yobwereza ndi yoipa nthawi zonse, ayi. Imathandiza munthu amene anapeza bwino kwa miyezi yambiri kapena zaka, kenako ululu wotsika mwendo n'kuyambiranso, ndipo MRI (makina ojambula m'kati mwa thupi) ikuonetsa chinthu chenicheni chopsinja mtsempha womwewo umene ukugwirizana ndi pamene akumva dzanzi. Pojambula, amabaya mankhwala a gadolinium, amene amathandiza kusiyanitsa chipsera ndi disc yatsopano. Amene sapindula kwenikweni ndi uja sanamveko kusintha chiyambire, amene msana wokha ndi umene ukuwawa, ndipo chithunzi chikungoonetsa chipsera. Anatikumbutsanso kuti tisamathamangire chithunzi: mu 1994 Jensen ndi anzake anajambula anthu 98 osamva kuwawa kulikonse, ndipo oposa theka anapezeka ndi disc yotupa.

Apa ndi pamene ife a mafizo tikulowa. Ku Norway, Brox ndi anzake mu 2006 anatenga odwala 60 amene msana unkawawabe atachitidwa kale opaleshoni ya disc. Ena anawamanga mafupa ndi zitsulo, ena anawaphunzitsa za msana wawo, kuwachotsa mantha ogwiritsa ntchito thupi, ndi kuwachititsa mafizo. Patatha chaka, zitsulo sizinapambane mafizo. Nditamva zimenezi ndinakumbukira mayi wina amene ambirinu munamuona. Anachitidwa opaleshoni kawiri kunja, abale atagulitsa ng'ombe, ndipo anabwera atavala lamba wa m'chiuno usana ndi usiku, akuopa ngakhale kuwerama kuti atole chitenje. Anali atayamba kale kusonkhetsa za ulendo wachitatu. Tinatha miyezi tikumuphunzitsa kudzuka pamphasa mogubuduka chammbali, kuyenda mpaka pamjigo ndi kubwerera. Ululu sunathe wonse, koma lero amaphika yekha ndipo amapita kutchalitchi wapansi. Nthawi imeneyo ndinkaona ngati tikungomutonthoza podikira thandizo lenileni. Tsopano ndikudziwa kuti thandizo lenilenilo linali lomwelo.

Anakambanso za kachipangizo kamagetsi koika pamsana kochepetsa ululu. Richard North wa ku Johns Hopkins anapeza mu 2005 kuti kwa odwala a ululu wa mwendo kanathandiza kuposa opaleshoni yobwereza. Mtengo wake ndi kasamalidwe kake n'zoti odwala athu ambiri sangazifikire, choncho sindikhalitsapo.

Za fodya ndiye tizinene mosapsatira mawu. Kafukufuku wa Brown wa mu 1986 anapeza kuti pambuyo pa opaleshoni yomanga mafupa, mafupawo anakana kulumikizana mwa osuta 40 pa 100, pamene mwa osasuta anali 8 okha. Shuga wosasamalidwa ndi mafupa ofooka nazonso zimabweza ntchito m'mbuyo. Izi tingathe kuzigwira ife tomwe, munthu asanakwere ndege kupita ku opaleshoni.

Dzina la vutoli, la ululu wosatha munthu atachitidwa kale opaleshoni ya msana, nalonso likusintha. Lakale lija, failed back surgery syndrome, linkamveka ngati wina walephera, kaya dokotala kaya wodwala. Kuyambira mu 2021 akatswiri ambiri akuti persistent spinal pain syndrome, kutanthauza ululu wa msana wokhalitsa. Kwa ife tanthauzo lake n'lakuti tisiye kuuza munthu kuti "anakuwonongani kumene munapitako". Mawu amenewo ndawamvapo m'makonde mwathu, ndipo amamusiya munthu ndi mantha ndi mkwiyo basi.

Pempho langa kwa gulu ndi ili. Wodwala aliyense wopita kukachitidwa opaleshoni ya msana, kaya ku Lilongwe, ku Blantyre, ku India kapena ku South Africa, tizimuuza kuti akabwere ndi lipoti la opaleshoni, zithunzi zake, ndi dzina la mtundu wa zitsulo zimene amuika, chifukwa masikuluwu a makampani osiyana samasulidwa ndi chida chimodzi. Wobwera ndi ululu atachitidwa kale opaleshoni, tiyambe tafufuza ngati bala lalowa matenda, ndipo kwathu kuno tisaiwale TB ya msana. Amene mkodzo kapena chimbudzi zayamba kumupulumuka, wachita dzanzi pokhalira, kapena mwendo ukufooka tsiku ndi tsiku, ameneyo asachedwe ndi mafizo, apite kwa dokotala wa opaleshoni tsiku lomwelo.

Ndikupempha a Wapampando kuti pamkumano wathu ukubwerawu andipatse ola limodzi. Ndalemba kale chikalata cha tsamba limodzi, m'Chichewa, cha mafunso amene wodwala azikafunsa dokotala asanavomere opaleshoni yachiwiri, ndipo ndikufuna tichikonze limodzi tisanachisindikize.

Ine nthumwi yanu.