Kalata Yotseguka kwa Bwanamkubwa wa Massachusetts: Chikondwerero cha 2030 Chinenenso za Othamangitsidwa

Olemekezeka Bwanamkubwa,

Mu 2030 mzinda wa Boston udzakwanitsa zaka 400. Ife aphunzitsi a mbiri yakale tikupempha kuti zikwangwani ndi mabuku a chikondwererochi adzafotokoze molondola mmene mpingo ndi boma zinkayendera m'nthawi ya Apuritani, Akhristu ochokera ku England amene anayambitsa mzindawu, chifukwa ambiri amaiphonya nkhaniyi.

Abusa sankalamulira dziko ayi. M'busa sankakhala woweruza, ndipo maukwati ankamangitsa ndi akuluakulu a boma. Malamulo a 1641 ananenanso kuti chilango cha mpingo sichingachotse munthu pa udindo wa boma. Maudindo analidi osiyana. Vuto linali pa njira ziwiri zimene zinkalumikizanso mbali ziwirizi. Kuyambira 1631, wosankha atsogoleri a dziko ankayenera kukhala membala wa mpingo. Komanso boma linkadziona ngati mlonda wa chiphunzitso, moti wotsutsa abusa ankagwa m'manja mwa General Court, bwalo limene linkapanga malamulo n'kumaweruzanso milandu.

Taonani za Roger Williams, m'busa wa ku Salem. Iye ankati woweruza alibe mphamvu yolanga munthu pa malamulo anayi oyambirira a Mose, okhudza munthu ndi Mulungu wake. Mpingo wa ku Salem utamukakamira, bwalo linakana pempho la tawuniyo la malo ku Marblehead Neck. Apa m'pamene ana asukulu ayenera kuyang'anitsitsa: boma linafinya mpingo pogwiritsa ntchito nthaka. Mu October 1635 Williams analamulidwa kuchoka, ndipo mu 1636 anayambitsa mzinda wa Providence.

Anne Hutchinson, mayi amene ankatsutsa chiphunzitso cha abusa, anazengedwa kawiri: boma linamuthamangitsa mu November 1637, mpingo n'kumudula mu March 1638. Mabwalo awiri, mlandu womwewo. Lamulo la 1658 linati wa Quaker (gulu lina la Akhristu) wothamangitsidwa akabwerera aphedwe. Mary Dyer, amene anali wa Quaker, anaima pa makwerero chingwe chili m'khosi mu 1659, anamumasula, koma atabwereranso anamunyonga pa 1 June 1660.

Ziboliboli za amayi awiriwa zilipo pa State House, nyumba ya boma la Massachusetts, chabwino, koma chiboliboli sichifotokoza lamulo limene linagwiritsidwa ntchito. Tikupempha kuti mawu a malamulo a 1631 ndi 1658 adzalembedwe poyera pambali pawo, pamodzi ndi chaka cha 1833, pamene Massachusetts inasiya kukakamiza anthu kupereka msonkho wothandiza mipingo.

Ndife anu,
Aphunzitsi a mbiri yakale