Za mazira a pikoko amene unapempha

Wokondedwa mnzanga,

Kalata yako yandipeza, ndipo ndakondwa kumva kuti nonse muli bwino kumeneko. Ifenso kuno tili bwino, kungoti tulo tikugona tochepa. Nyengo yoswana yafika, ndiye atambala a mapikoko akumalira mpaka pakati pa usiku.

Mazira ndikutumizira, koma usandifulumize. Mbalamezi zilibe mwini. Kwawo kwenikweni ndi ku India ndi ku Sri Lanka, ndipo zakunozi ndi zidzukulu za zoweta zimene zinalowerera kutchire, monga zinachitikira ku Arcadia ku California, m'dziko la America, kumene mapikoko a pafamu ya munthu wina wolemera dzina lake Lucky Baldwin anaswana n'kudzaza tauni. Tsono mbalame yopanda mwini palibe amene amailembera tsiku limene yaikira, ndipo vuto lonse lagona pamenepo.

Chaka chatha ndinalakwitsa zimene mpaka lero zimandiwawa. Ndinapeza chisa pansi pa chitsamba, kadzenje chabe kopalasa, muli mazira asanu. Ndinatola onse mosaganiza. Nditawaunika ndi tochi usiku ndinaona timitsempha tamagazi m'kati: thadzi linali litayamba kale kufungatira. Dzira lotero likazizira nthawi yaitali, kamwana kamafa. Onse asanu anasukusa, ndipo ndine ndinawapha.

Ndiye chaka chino ndikuchita mosiyana. Kuona maso a nkhono n'kudekha: ndatha milungu iwiri ndikungolondola thadzi limodzi chapatali, mpaka ndadziwa kumene limazembera dzuwa likapendeka. Limaikira nthawi ya madzulo, dzira limodzi n'kudumphitsa tsiku, ndipo chisa chikakwana pamakhala mazira anayi mpaka asanu ndi atatu. Silikhalira mazirawo mpaka litatsiriza kuikira, choncho nthawi yanga yotola ndi masiku ochepa amenewo basi. Mazira awiri oyamba ndawaika chizindikiro ndi pensulo n'kuwasiya pomwepo, chifukwa thadzi likapeza chisa chili mbee limasamuka. Ndikutenga okhawo atsopano amene ndikudziwa tsiku lake. Mwini malo ndinamupempha kaye. Ndipo ena ndilisiyira kuti liswe lokha, mazirawa si anga onse.

Ukawaona udzadabwa kukula kwake: amatsala pang'ono kufika magalamu 100, ndipo ndi otuwira ngati mkaka wa tiyi. Akakhala ndi kadothi usawatsuke. Chigoba chili ndi kachikopa kosaoneka kamene kamatseka timabowo kuti tizilombo tisalowe, ndipo madzi amakachotsa. Ine ndikumangopukuta ndi kansalu kouma, n'kuwasunga pamalo ozizira bwino, pafupifupi madigiri 15, osati mufiriji. Nsonga imayang'ana pansi, ndipo tsiku lililonse ndimapendeketsa thireyi mbali ina kuti chachikasu chisamatirire kuchigoba. Akapitirira masiku 7 mphamvu yoswa imayamba kuchepa, ndipo masiku a paulendo amawerengedwa momwemo. N'chifukwa chake ndikutumizira ochepa, mwina anayi. Kudikira kuti akwane khumi n'kukutumizira mazira okalamba.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi ulendowo. Anthu amaopa kusweka kwa chigoba, koma dzira limatha kufika lathunthu litafa kale. Kumbali yaikulu ya dzira kuli kathumba ka mpweya kamene mwanapiye amayamba kupumira asanaboole chigoba. Katundu akamakhutchumuka m'galimoto, kathumbako kamasunthika n'kumayendayenda. Choncho dzira lililonse ndilikulunga palokha, ndiliimika nsonga pansi m'kabokosi kothina kuti lisagwedere, kenako kabokosiko ndikaika m'katoni yaikulu yodzaza utuchi mbali zonse. Ndikaitukula n'kuigwedeza pang'ono pasamveke kanthu. Nditumiza Lolemba, kuti isakagonere m'nyumba yosungira katundu Loweruka ndi Lamlungu. Ngakhale titasamala chotere, pa anayiwo akaswa awiri tidzathokoze.

Mbali yako ndi iyi. Pita kaye kwa alangizi a ziweto ukafunse za chilolezo, chifukwa mazira oti aswedwe sadutsa malire opanda zikalata zaumoyo. Lamuloli ndimaligwirizana nalo: chitopa ndi chimfine cha mbalame zimayenda ndi katundu wotereyu, ndipo mbalame zakutchire palibe anazibaya katemera. Sindikufuna kuti mphatso yanga ikathe khola lako. Zikalata zikapanda kutheka, tisiya.

Katoni ikafika usathamangire kuwatenthetsa. Aimike nsonga pansi, apume tsiku lathunthu kuti kathumba kaja kakhazikike. Ukagwiritsa ntchito makina ofungatira mazira, kutentha kukhale madigiri 37.5, uziwatembenuza kangapo patsiku, ndipo usiye kutembenuza kutatsala masiku atatu, n'kuwonjezera chinyontho. Amaswa pa masiku 28, osati 21 ngati a nkhuku. Koma ine ndikanakonda uwapatse nkhuku yofungatira, yaikulu thupi ndi yofatsa, chifukwa mazira a pikoko amaswa bwino pansi pa nthenga kuposa m'makina. Usasakanize ndi mazira ake, poti anapiye ake akaswa pa masiku 21 idzadzuka n'kusiya enawo akuzizira. Pa tsiku la khumi uwaunike ndi tochi m'chipinda chamdima. Lopanda timitsempha ulichotse lisanaphulike.

Ana akaswa, usawalerere pa dothi limene nkhuku zakhalapo nthawi yaitali. Pali matenda a chiwindi amene nkhuku zimapirira, koma pikoko ndi nkhukundembo amafa nawo msanga. Ndipo uwauze ana ako kuti mchira wokongola uja sadzauona chaka chino kapena chamawa. Tambala amaukwanitsa ali ndi zaka zitatu.

Undiyankhe msanga za chilolezocho, undiuzenso ngati pali nkhuku imene yayamba kukhalira, kuti ndiwerengere masiku otola. Thadzi langa laikira kale lachitatu dzulo madzulo.

Upereke moni kwa alamu ndi ana onse.

Ndine mnzako wa nthawi zonse.