Za maselo amakani amene ndimalera kuno

Mnzanga wapamtima,

Ndikhulupirira kuti uli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Unandifunsa kuti kodi ndimatani tsiku lonse mu labotale muno poti magazi a odwala sindiyeza. Tamvera.

M'mafuta a m'mafupa athu muli maselo ochepa kwambiri amene amabala maselo onse a magazi: ofiira, oyera, ndi aja oumitsa magazi ukatemeka. Asayansi Till ndi McCulloch a ku Toronto ndiwo anaonetsa mu 1961 kuti maselowa alipodi. Ife ntchito yathu ndi kuwachulukitsa kunja kwa thupi. Koma makani ake! Ukangowachotsa m'fupa n'kuwaika m'mbale, amagawikana mothamanga n'kusanduka maselo wamba a magazi, mphamvu yobala ija n'kutheratu. Zili ngati chimanga chimene unasungira mbewu, pokachiona wapeza chasanduka ufa. Ndipo ndi maso sungadziwe ngati mphamvuyo idakalipo. Timawabaya mu mbewa imene mafuta ake a m'mafupa tawapha kale, n'kudikira miyezi inayi kuti tione ngati apanga magazi atsopano. Usaseke, mbewa zakunozi si zandiwo.

Chimene chimandisangalatsa ndi cha mu 2019. Wilkinson, Nakauchi ndi Yamazaki, a ku Stanford ndi Tokyo, anaona kuti albumin, puloteni wa m'magazi amene aliyense ankathira m'madzi olerera maselo, amabwera ndi zinyalala zosokoneza. Anamuchotsa, m'malo mwake n'kuikamo PVA, mankhwala omwe aja opezeka mu guluu wa ana asukulu. Pa mwezi umodzi maselo a mbewa anachuluka mpaka pafupifupi maulendo 900. Guluu, mnzanga! Tsoka lake, maselo a munthu sanamvere njirayo mofanana, ndiye tidakavutikabe.

Phindu lake ndi lotani? Kuyambira mu 1988, pamene madokotala a ku Paris anathandiza kamnyamata ndi magazi a mumchombo wa mlongo wake wakhanda, zadziwika kuti maselowa, amene ali mumchombo, angathandize odwala. Vuto n'loti mumchombo umodzi ndi ochepa, sakwanira bwino munthu wamkulu wodwala khansa ya m'magazi. Mu 2023 dziko la America linavomereza Omisirge, omwe ndi maselo a mumchombo ochulukitsidwa mu labotale.

Koma ine mtima wanga uli pa sickle cell, poti ana odwala matendawa tawaona ndi maso kwathu. Chithandizo cha Casgevy, chomwe Britain inavomereza mu 2023, chimatenga maselo a wodwala mwiniwake, kuwakonza mu labotale n'kumubwezera. Mtengo wake ku America ndi madola 2.2 miliyoni munthu mmodzi. Ndani kwathu angaikwanitse imeneyo? Pakadali pano, bola mwana ayezedwe msanga ndipo mankhwala ochepetsa ululu wa matendawa a hydroxyurea azipezeka. Tandiuza, kodi kuchipatala kwanuko mankhwalawa akumapezeka?

Undiperekere moni kwa amayi.

Ndine mnzako wakale