Tikukanganirana nyengo, koma chitini choyezera mvula tilibe

Akonzi,

Tipatseniko malo chaka chisanathe, chifukwa mkangano wa kusintha kwa nyengo kuno ku chigwa cha Shire wafika poti wina akangotsegula pakamwa, mnzake wadziwa kale chimene chitulukemo. Mumaumva pa bawo pa Ngabu, m'minibasi yotsika Thabwa, ngakhale pa maliro anthu akudikira nsima. Alipo a Utsi, amene chilichonse amachikankhira ku mafakitale a ku Ulaya, America ndi China. Alipo a Nkhwangwa, amene amati tisanamizire akunja, mitengo tinadula tokha. Kenako pali akuluakulu amene amangopukusa mutu n'kunena kuti madzi saiwala khwawa, Shire anayamba kusefukira agogo athu asanabadwe. Wina chapambali amaponyamo kuti mwina nsembe ya kwa Mbona ku Khulubvi inachedwa, anthu n'kufa nacho chiseko, ena osaseka.

Zinyogodolo zake zakoma chaka chonse. A Nkhwangwa amati a Utsi amatukwana mafakitale atakhalira thumba la makala. A Utsi amabwezera kuti, kodi ndi nkhwangwa ya ndani inadula mitengo pakati pa nyanja ya mchere kumene namondwe Freddy anabadwira? Zonsezi n'zoseketsa ndithu, koma funsani aliyense wa iwo kuti mvula ya sabata yatha inagwa mamilimita angati pamudzi pake. Ayang'ana kumwamba.

Akuluakulu aja sakunama. Pakati pa 1915 ndi 1935 nyanja ya Malawi inatsika mpaka Shire anasiya kutulukamo madzi ku Mangochi, mafakitale a masiku ano kulibe. El Niño, kufunda kwa madzi a nyanja ya Pacific kumene kumasokoneza mvula, amene anabweretsa ng'amba mu 2015/16 ndi 2023/24, ndi mlendo wakalekale. A Utsi nawonso ali ndi pogwira. Mpweya wa carbon dioxide unali pa magawo pafupifupi 280 mwa miliyoni mafakitale asanachuluke, lero wadutsa 420, ndipo 2024 chinatentha kuposa zaka zonse za m'mbuyo mwake chiyambireni kulemba, pafupifupi madigiri 1.5 pamwamba pa mmene kunkatenthera mafakitale asanachuluke. Mpweya ukatentha ndi digiri imodzi umasenza chinyontho choonjezera ndi magawo 7 pa 100 alionse, ndipo chimene wasenzacho umakachitula kwinakwake. Werengani nokha: madzi a Januwale 2015 amene anasamutsa anthu pafupifupi 230,000, namondwe Idai mu Malichi 2019, Ana mu Januwale 2022 amene anagumula damu la Kapichira dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130, Gombe patangopita masabata, kenako Freddy mu Malichi 2023, amene anakhala masiku 36 ali moyo ndipo anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa m'dziko muno.

Koma a Nkhwangwa akakutengerani pa mlatho wa mtsinje wa Mwanza n'kukulozerani mchenga, simuyankha. Mtsinje wadzaza dothi lochokera kumtunda. Khwawa likakwiririka, madzi omwe aja amene kale ankadutsa mwakachetechete alibenso poyenda, amalowa m'midzi. N'chimodzimodzi ndi timitsinje totsika m'mapiri a Thyolo kupita ku East Bank: phiri lopanda mitengo ndi udzu silimwa madzi, limangowatsetsereza ngati malata.

Madzi osefukira ali ndi makolo awiri, mvula ndi nthaka imene mvulayo yagwerapo. Funso lenileni n'lakuti kholo liti likuchita zambiri pa mtsinje uti, ndipo silingayankhidwe ndi kukweza mawu. Ngakhale akatswiri a World Weather Attribution, atafufuza za namondwe Ana mu 2022, anapeza kuti kutentha kwa dziko kunaonjezera mphamvu ya mvula ija, koma analephera kunena kuti ndi mlingo wanji chifukwa kaundula wa mvula wa zaka zambiri kuderali ndi wopereweza. Ngati akatswiri anasowa manambala, ife pa bawo tikuwatenga kuti?

N'chifukwa chake tikupempha kuti sukulu iliyonse, tchalitchi, mzikiti ndi komiti yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi m'mudzi ikhale ndi choyezera mvula. Sichifuna ndalama za boma. Pezani chitini choongoka, chimene kukamwa kwake n'kofanana ndi pansi pake, chakuya masentimita 20 kapena kuposerapo, pansi pake pafulati. Ndowa siyenera chifukwa ndi yotambalala kumwamba, imakunamizani kuti mvula inali yambiri. Botolo la chakumwa lili ndi matumphu pansi; ngati mulibe china, lidulireni pamene layamba kuongoka ndipo muthire simenti pansi kuti pasalale. Khomani mtengo wotalika mita imodzi pabwalo poyera, mumangirirepo chitinicho chili chilili, kukamwa kwake kupitirire nsonga ya mtengowo. Kutalikirana ndi nyumba kapena mtengo wa masamba kukhale kuwirikiza kawiri msinkhu wa chinthucho: mtengo wa mango wa mamita 6, chitini chikhale mamita 12 kapena kuposa. Mukachiyandikiza, denga limatchinga mvula ya mphepo, kapena masamba amadonthezeramo madzi ena.

Muziyeza 8 koloko m'mawa tsiku lililonse, ngati mmene amachitira a zanyengo, ndipo nambalayo ilembedwe pa tsiku la dzulo. Viikani kamtengo kouma kosalala mpaka pansi, muyeze ponyowapo ndi rula. Chenjerani ndi rula wa ana asukulu: ziro wake sayambira kumapeto kwenikweni, pamatsala kampata ka mamilimita angapo, ndipo mukamuviika mwachindunji mudzakhala mukuba mvula tsiku ndi tsiku. Mukatha tayani madziwo. Kuno dzuwa la Novembala ndi Disembala limadutsa madigiri 40, kotero mvula yogwa masana ikhoza kuuma theka musanaiyeze. Kadontho ka mafuta ophikira m'chitinimo kamachepetsa vutoli. Ndipo tsiku limene sikunagwe kanthu lembani 0. Apa ndi pamene ambiri amagwera. Malo osalembedwa satiuza ngati mvula sinagwe kapena wolemba anapita ku maliro.

Maziro amenewo ndi amtengo wapatali kuposa manambala aakulu. Chigwa chino chimalandira mamilimita a pakati pa 600 ndi 800 pachaka, ndipo chaka chikhoza kukwanitsa mlingo umenewu anthu n'kugona ndi njala, chifukwa theka linagwa masiku anayi, kenako masabata atatu kuli gwa. Chimanga chikamamasula ngayaye n'kukumana ndi kutentha kopitirira madigiri 35 nthaka ili youma, mungu umafa usanagwere pa ndevu, ndiye mumakolola zitsononkho za mano otalikirana. Mapira ndi mchewere zimapirira, zimaima kaye n'kudzapitiriza mvula ikabwerera, ngakhale kuti zimafuna munthu wopirikitsa mbalame kuyambira m'bandakucha. Mudzi umene uli ndi kope la zaka zisanu losonyeza kuti ng'amba imakonda kugwa sabata ziti sufunikanso kuuzidwa ndi munthu wa ku Lilongwe kuti munda wa kumtunda ugawidwe bwanji pakati pa chimanga, mapira ndi chitowe.

Kuti nambala ya m'chitini imveke kulemera kwake: milimita imodzi pa hekitala imodzi ndi malita 10,000, ndiye kuti ndowa 500 za malita 20. Mvula ya mamilimita 50 usiku umodzi ndi ndowa 25,000 pa hekitala. Ganizirani phiri lonse.

Mnzake wa chitini ndi mlingo wa pa mtsinje, uja wopakidwa utoto wobiriwira, wachikasu ndi wofiira. M'madera ambiri ulipo kale, vuto ndi kasamalidwe. Mzere wofiira umene unapakidwa zaka zingapo zapitazo ukhoza kukhala wabodza lero, chifukwa mchenga wakweza pansi pa mtsinje kapena mtsinjewo wasuntha, monga Ruo anachitira cha ku Makhanga mu 2015. Chaka chilichonse mvula isanalimbe, komiti ipite ndi chingwe ikaone kuti gombe lotsikitsitsa, pamene madzi amayambira kutulukira, lili pati poyerekeza ndi mlingowo. Wofiira akhale m'munsi mwa pamenepo, osati pomwepo, pakuti chenjezo lofika madzi ali kale pakhomo si chenjezo. Polemba musamangoti "madzi anakwera". Lembani msinkhu ndi nthawi yake. Ndipo owerenga kumtunda ndi kumunsi azisinthana manambala, kuti adziwe kuti madzi akadutsa pa mlatho wakutiwakuti amatenga maola angati kufika kwa iwo. Maola amenewo ndiwo amapulumutsa ng'ombe, mbewu ndi agogo.

Anthu a ku Chiromo, Bangula ndi Makhanga amadziwa chinthu chimene alendo chimawadabwitsa: kukhoza kusefukira dzuwa likuswa mtengo. Ruo akatsika ndi mphamvu kuchokera ku Mulanje amatsekereza Shire pamene akumanirana, madzi n'kubwerera m'mbuyo kudzaza dambo la Elephant Marsh ndi midzi yozungulira. Chitini cha pa Bangula tsiku limenelo chionetsa 0. Nambala yofunika ili ku Mulanje ndi ku Thyolo, ndiye foni ya woyeza wa kumeneko ikhale ndi moto ndi mayunitsi. Unyolo wa chenjezo nthawi zambiri suduka pa zipangizo zodula. Umaduka pa batire lakufa, pa mkuzamawu wotsekeredwa m'nyumba ya munthu amene wapita kumsika, ndi pa nambala ya foni ya munthu amene anasamuka kalekale. Iyeseni mu Disembala muno, usiku, osachenjeza aliyense wa m'komiti.

Makope awiriwa akaikidwa pamodzi, mkangano uja umayamba kuweruzika. Tiyerekeze kuti mvula ya mamilimita 60 kumtunda inkakweza mtsinje mita imodzi m'maola asanu ndi limodzi, ndipo patapita zaka mvula yomweyo ikuukweza mamita awiri m'maola atatu. Pamenepo a Nkhwangwa apambana, mlandu uli ndi nthaka. Koma ngati kope likusonyeza kuti masiku a mvula yopitirira mamilimita 100 akuchuluka, ndi ng'amba za pakati zikutalika, a Utsi adye mbuzi. Ife tikuganiza kuti pa mitsinje yambiri ya kuno mbuziyo adzagawana, koma kuganiza kwathu nakonso si nambala.

Za madaiki tinenepo pang'ono, poti Januwale ali pakhomo. Ambiri sagumuka chifukwa madzi anachuluka kokha. Dothi limaunjikidwa kamodzi n'kamodzi m'malo mothira masentimita 15 kapena 20, kunyowetsa, kutsendera, kenako kuthiranso. Sabzalapo udzu wa vetiva, ndiye mvula yoyamba imayamba kulikukuta. Chiswe ndi mbewa zimaboola njira m'kati. Ng'ombe ndi ngolo zimadutsa malo amodzimodzi mpaka pamatsika, ndipo madzi amasankha pomwepo. Yendani pamwamba pake sabata ino, mukwirire potsika ndi kutseka mauna. Kumbukiraninso kuti daiki silitha madzi, limangowakankhira tsidya lina; walira mvula walira matope, ndipo mudzi wa kutsidyako uyenera kukhala nawo pokambirana. Nyumba nazo zimagwa kuyambira pansi: dothi lomangira njerwa zootcha limasungunuka m'mizere yoyamba madzi akaima tsiku limodzi. Ngati simenti ndi yochepa, ipite ku maziko okwera ndi mizere ya m'munsi, osati ku pulasitala wa kukhonde woti anthu aone.

A Utsi atifunsa kuti nanga ndalama za maiko olemera. Thumba lolipirira zoonongeka ndi kusintha kwa nyengo maiko analivomereza pa msonkhano wa ku Sharm el-Sheikh mu 2022, n'kulitsegula ku Dubai mu 2023 ndi malonjezo a madola pafupifupi 700 miliyoni a dziko lonse lapansi, pamene Freddy yekha anaononga za madola oposa 500 miliyoni m'Malawi muno. N'koyenera kulimenyera, ndipo opita kumisonkhanoyo asatope. Koma kumeneko wopempha amafunsidwa umboni, ndipo umboni wake ndi manambala omwewa. Tikupempha nthambi ya zanyengo ndi maofesi a zaulimi ku Chikwawa ndi Nsanje kuti akonze njira yolandirira makope a m'midzi, ngakhale kamodzi pamwezi kudzera mwa alangizi, ndi kuyerekeza zitini zathu ndi zoyezera zawo za pa Ngabu kuti zolakwika zidziwike msanga.

Chotsala ndi kasungidwe ka kope. Lembani ndi pensulo, chifukwa inki imafufutika ikanyowa. Olemba akhale awiri, kuti wina akadwala mnzake apitirize. Kumapeto kwa mwezi jambulani tsambalo pa foni n'kutumizira munthu wa kumtunda. Kopelo likhale mu jumbo yomanga bwino, pa mtanda wa denga, osati m'sutikesi ya pansi pa bedi, pakuti madzi akalowa m'nyumba sutikesi ndiyo imayamba kuyandama.

Owerenga anu,
Ngabu, Chikwawa