Wogula njinga yamagetsi yokwerera mapiri ayambe wafunsa za batire

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhule kudzera m'nyuzipepala yanu ndi anzanga amene akusonkhanitsa ndalama, ena mpaka kudzera ku banki mkhonde, kuti agule njinga yakapalasa yoyendera magetsi, makamaka ija ya matayala okhuthala yopangidwira misewu ya m'mapiri. Ine ndimakhala ku Zomba, ndipo ntchito yanga imandiyendetsa tsiku ndi tsiku m'misewu yafumbi ya m'mphepete mwa phiri, kumene wokwera njinga wamba amatsika n'kuyamba kukankha asanafike ndi pakati pomwe pa chitunda. Mafuta atayamba kusowa, kwacha nayo itatsika mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, njinga yamoto inandikanika, ndipo maso anga anagwera pa yamagetsi. Ndinagula mopupuluma, ndalama zanga zinalowa m'madzi, ndipo sindikufuna kuti wina adutse momwemo.

Njinga yoyamba ija ndinaiona pa intaneti. Inali yokongola, ya mashoko kutsogolo ndi kumbuyo komwe, pa fulemu atalembapo mphamvu ya mota yake, 1000W, m'zilembo zikuluzikulu, mtengo wake uli wotsika kwambiri poyerekeza ndi zinzake. Sindinafunse kuti batire lake linapangidwa ndi yani, ngakhalenso kuti likadzatha ndidzapeza kuti lina. Patangotha miyezi 8, batire limene poyamba linkandipititsa kuntchito ndi kundibweza linayamba kuzima ndili pakati pa chitunda, tinyale take tonse n'kuthima nthawi imodzi ngati wina wazula waya. Wogulitsa uja anati iye amaitanitsa njinga zathunthu basi. Okonza njinga a pamsika, anthu aluso amene amawongola limu yopindika ndi maso okha, analitembenuza batirelo uku ndi uku n'kundibwezera. Njinga yamagetsi yopanda batire imalemera makilogalamu oposa 20, ndipo kuipalasa pachitunda n'kovuta kuposa njinga ya kabaza yonyamula thumba la chimanga.

N'chifukwa chake ndikunena kuti munthu wa ndalama zochepa ayambire pa batire, pakuti ndilo chipangizo chodula kwambiri pa njinga yonse, komanso ndilo limayamba kukalamba. Kukula kwake kumayezedwa m'ma Wh, muyeso wa magetsi amene limasunga, ndipo kuwerengera kwake n'kosavuta: mumachulukitsa manambala ake awiri, ya V ndi ya Ah, kotero batire la 36V ndi 14Ah limasunga 504Wh, amene ndi pafupifupi theka la yuniti imodzi ya magetsi amene timagula kunyumba. Wogulitsa akakuuzani kuti njingayo imayenda makilomita akutiakuti, dziwani kuti akunena za msewu wa tala wopanda zitunda. Kukweza munthu ndi njinga yake, onse pamodzi makilogalamu 100, kufika mamita 600 m'mwamba kumadya mphamvu yoposa 160Wh, tisanawerengere imene imatayika mota ikamatentha ndi imene matayala amataya m'mchenga. Kwa wokhala kumalo ngati kwathu kuno, ku Thyolo kapena ku Livingstonia, batire lochepera 500Wh lidzamukhumudwitsa msanga. Afunsenso za tchaja, chifukwa ya 2A imatenga pafupifupi maola 7 kudzaza batire la 14Ah, ndipo kumene magetsi amazimazima maola amenewo sapezeka wamba.

Pali nkhani ina imene abale athu a ku Johannesburg ndi ku London ayenera kuidziwa asanalonjeze kutitumizira zinthu. Msuweni wanga anagula batire lina kuti andibweretsere pobwera kumudzi, koma analisiya, chifukwa malamulo a ndege salola wokwera kunyamula batire la lithiamu loposa 160Wh, kaya m'chikwama cha m'manja kaya m'katundu wapansi. Batire la njinga limayenera kudzera pamsewu kapena mwa otumiza katundu amene ali ndi chilolezo, ndipo mtengo wa ulendowo uyenera kulowa m'masamu tsiku logula njinga lomwelo.

Za mota, nambala ya ma W yolembedwa pa fulemu isatinyenge monga inandinyengera ine. Ku Ulaya lamulo limati mota ya njinga yotereyi isapose 250W ndipo ileke kuthandiza liwiro likafika makilomita 25 pa ola, komabe njinga zakumeneko zimakwera mapiri otsetsereka kwambiri. Chimene chimakweza chitunda ndi mphamvu yopotokola, yoyezedwa m'ma Nm, pamodzi ndi malo amene motayo yaikidwa. Mota yapakati, pamene pali mapedulo, imagwiritsa ntchito magiya a njinga, kotero mukaika giya yopepuka nayonso imapepukidwa. Mota yapakati ya kampani ya Bosch yotchedwa Performance Line CX ndi ya kampani ya Shimano yotchedwa EP8 zinafika pa 85Nm mu 2020. Mota ya mu habu ya tayala lakumbuyo ndi yotsika mtengo ndipo imachita bwino m'chigwa, ngati ku Salima kapena ku Nsanje, koma pachitunda chachitali imayenda movutika, imatentha, ndipo kulemera kwake kumadula masipoko m'misewu ya mabampu. Komabe ndisabise kuti mota zotchukazo zili ndi msampha wake: zimafuna batire la kampani yomweyo, zimadya tcheni msanga, ndipo zikavuta zimafuna kompyuta ya wogulitsa wovomerezeka. Njinga imene ndili nayo tsopano ili ndi mota yapakati ya kampani ya Bafang, ndipo ndinaisankha chifukwa zipangizo zake zimagulitsidwa paderapadera, mwakuti munthu wodziwa zamagetsi angathe kusintha chimene chawonongeka chokhacho.

Mashoko akumbuyo ndinganene mwachidule kuti asiyeni. Pa njinga yotsika mtengo amakhala chitsulo chongonyanyuka, chimene chimayamba kulira fumbi likalowa, ndipo ndalama imene wopanga anaika pamenepo anaichotsa pa batire ndi mabuleki. Njinga ya mashoko kutsogolo kokha ndi yokwanira.

Mabuleki okha ndiye musanyengerere. Amene anatsikapo msewu wochokera ku Ku Chawe, pamwamba pa phiri la Zomba, kulowera m'tauni ya Zomba akudziwa mmene makona ake amabwerera motsatizana. Tsiku lina ndikutsika ndi njinga yoyamba ija mvula itangokata, ndinafinya mabuleki a waya mpaka zala kuchita dzanzi, fungo la mphira wopserera lili tolo, koma njinga inkangopitirira, ndipo ndinaima chifukwa chokwapuza nsapato pansi. Njinga yolemera chotere imafunika mabuleki a disiki oyendera mafuta, disiki yake ya mamilimita 180. Gulaninso mapadi a mabuleki odzasinthira nthawi yomweyo, pamodzi ndi machubu, chifukwa njingazi zimabwera ndi matayala a mainchesi 27.5 kapena 29, pamene pamsika wathu ndinapeza a 26 ndi 28 okha.

Ambiri a ife tidzagula njinga imene wina anakwerapo kale, ndipo palibe cholakwika pamenepo. Batire la lithiamu limachepa mphamvu likatchajidwa maulendo mazana angapo, ndipo kunja kwake sikuonetsa zimenezo. Pemphani kuti alidzaze inu mukuona, kenaka mukwere chitunda chenicheni kwa theka la ola, mwini wake akutsatireni ngati akukayika. Batire lotupa, long'aluka kapena lotentha kwambiri potchaja likaneni ngakhale atatsitsa mtengo chotani, pakuti limatha kuyaka moto wovuta kuzimitsa, ndipo m'nyumba ya denga la udzu zimenezo ndi imfa. Ine langa ndimatchaja masana, pa simenti, ndili pafupi, ndipo m'mwezi wa Okutobala sindilisiya padzuwa.

Ndikupempha amalonda amene ayamba kuitanitsa njingazi kuti azibweretsanso mabatire, matchaja ndi mapadi a mabuleki, komanso kuti aphunzitse okonza njinga a m'misika yathu kuyeza batire ndi kulumikiza mawaya a mota. Njinga yanga yoyamba ikadali pakhonde, matayala ake ali bwinobwino, ndipo tsiku limene batire logwirizana nayo lidzapezeke m'sitolo ya ku Blantyre kapena ku Lilongwe ndidzaipereka kwa mng'ono wanga amene amaphunzitsa kuchigwa, kumene mota yake ingakwanitse.

Wowerenga wanu,
Zomba